Mkazi wa mu Filimu Ndinamutcha Fanesi

Chepetsani mawu a foniyo, achimwene. Ayi, osachepetsa, zimitsani kumene. Ngati mukufuna kuonera filimu yanuyo zungulirani kuseri kwa uvuni uko, kutali ndi makutu anga. Ine ndabwera kudzasonkhezera moto wa njerwazi, sindinabwere kudzamvera munthu ameneyo. Mukundiyang'ana chiyani? Simunamve kuti liwu limene likubwebweta mufonimo ndi langa lomweli? Eya, ndine. Lufeyo wa mafilimu uja, amene ena munkati anapita ku Joni, ena n'kumati anapenga. Sindinapite kulikonse ine. Ponyani chikuni icho pamoto, mukhale pansi ndikuuzeni, mwina mukamva mudzandileka.

Zaka zimenezo pa Lunzu panalibe wondiposa pomasulira mafilimu. Amwenye ovina aja, Matchaina ouluka, azungu a mfuti, onse ankayankhula Chichewa kudzera pakamwa pangapa. Kachipinda kanga kanali kuseri kwa chigayo. Munali kompyuta imodzi, maiki womanga ndi mphira, ndi mahedifoni omveka khutu limodzi. Inu mumangoseka, simudziwa mmene ntchitoyi imagwiridwira. Filimu sitiionera kaye, ayi. Ukaionera nthabwala zimazizira. Umayenera kudzidzimuka limodzi ndi anthu, kuti akita akalandira chibakera iwenso ukuwe zochokera pansi pa mtima. Komanso ndi magetsi athuwa, ndani ali ndi nthawi yoonera filimu kawiri? Umangoiika, n'kutsegula maiki, n'kuyamba kuyankhula, ndipo sukhala chete ngakhale a mufilimuwo atagona tulo.

Ndiye pali za mayina. Mayina achizungu anthu sawagwira, choncho timawapatsa athu. Ine ndinkatenga a anthu enieni a pamsika pomwepa. Mkulu wa zigawenga ndinkamutcha Sitolo, wa nyama uja, ndipo Sitolo ankayenda chifuwa patsogolo sabata yonse. Anthu ankachita kundichonderera: "A Lufeyo, ine mundiika liti?" Panalibe amene anadwalapo nazo, ngakhale chimfine.

Mkazi wanga anali Fanesi, ankagulitsa kaunjika. Amene munamudziwa mukudziwa kuti pakamwa pake sipankatsekeka. Akadzuka kuyankhula, akamasesa kuyimba, akasowa womuyankhula ankakalipira nkhuku. Ku kwaya ankamuika kumbuyo kuti asamize anzake, koma ankawamizabe. Ndinkadandaula pagulu kuti ndinakwatira wailesi, koma Mulungu akudziwa, phokoso limenelo ndilo linkandibwezera kunyumba. Tinali ndi mwana mmodzi, Tinenenji, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kuyenda.

Munthu wina anabwera mu Okutobala, masana dzuwa lili paliwombo, malata akuchita kulira ndi kutentha. Anavala jekete lalitali lofika m'mawondo, mabatani otseka mpaka pakhosi, manja ali m'matumba. Ataima pakhomo, phokoso la chigayo linamveka ngati lasamukira kutsidya kwa mtsinje. Ndinamupatsa moni. Ndinawerama kuti ndimukokere mpando, podzuka ndinapeza fulashi ya filimu ili patebulo. Dzanja lake sindinalione. Nkhope yake musandifunse. Ndinaiyiwala iye adakali chiimire pamaso panga.

"Iyi ilibe mawu," anatero. "Ikufuna pakamwa."

Mawuwo sanamveke ngati achokera kumutu, anamveka ngati achokera m'kati mwa jekete muja. Ine chitsiru ndinangoseka, n'kumati awa ndi aja a mowa wa masana. Nditasuzumira panja anali atafika kale pamsewu, akuyenda osagwedeza mapewa.

Ndinaiika pomwepo, n'kutsegula maiki. Ha, filimu yanji imeneyo! Mfuti panalibe, galimoto panalibe, nyimbo ngakhale imodzi. Chipinda chokhachokha, bedi lachitsulo, zenera losaonetsa kunja, ndi mayi mmodzi atakhala pabedipo. Sindinganene kuti anali mzungu kapena wakuda, khungu lake linali lotuwa ngati phulusa. Kamera inkatha kuyang'ana khoma mpaka iwe kuyasamula. Kunkangomveka kaphokoso konyowa, konga munthu akukanda ufa wa mandasi m'beseni, pang'onopang'ono. Ndinati filimu iyi ndikapanda kuithira mchere palibe aionere. Tsono m'mawa wa tsikulo Fanesi anali atandiimbira nyimbo ya denga lodontha kuyambira tambala woyamba. Ndinayang'ana mayi wachete uja, pakamwa panga panangotuluka:

"Anthuni, chozizwitsa pa Lunzu! Fanesi wa kaunjika lero wakhala chete! Itanani atolankhani!"

Ndinaseka ndekha m'kachipindamo. Kuyambira pamenepo anali Fanesi basi. Mayi uja anagwira khutu, ndolo inayamba kumira m'mnofu mpaka khungu linatseka pamwamba pake, ine ndikuti, "Akuba mwagwa nayo, Fanesi katundu amasunga m'thupi!" Mphete nayo inamira. Kenako zala zinayamba kugwirana, khungu likukwera pakati pake, mpaka manja anakhala ngati zipande. Koma pakamwa panga pankangopita pokha. Milomo itayamba kumatirira kuchokera kumbali kupita pakati, ndinakuwa kuti, "Amuna nonse a pa Lunzu, pemphererani mkazi wotere!" Nditangomaliza mawu amenewo magetsi anathima, filimu ili pakati.

A Dzonzi, eni vidiyo sho ya pafupi ndi depoti, anali atandivutitsa sabata yonse kuti akufuna chatsopano. Magetsi atabwera mawa lake ndinangodula pomwe ndinalekezera, n'kulemba padisiki kuti pati wani, n'kuwapatsa. Theka linalo ndinati ndidzaliona ndikapeza mpata.

Inaphulika filimu imeneyo, sindinaonepo. Anthu ankatuluka mu sho atagwira nthiti, ena akulavula, koma mawa n'kubwereranso ndi anzawo. Pamsika Fanesi sankayenda. "Wachete uja akudutsa!" Iye ankabweza mawu katatu kuposa amene wamuponyera. Anabwera kunyumba akuseka mpaka misozi, n'kundiloza ndi mthiko.

"Inu bambo a Tine, mwandigulitsa tauni yonse eti? Mudya ndiwo zopanda mchere mpaka Khirisimasi."

Patapita masiku anayi anadzuka akufunafuna ndolo zake. Anakutumula zofunda, anasesa pansi pa bedi, anatsegula ngakhale kukamwa kwa mwana. Ine ndinati zagwera kubafa. Lamulungu titabwera kutchalitchi, masanasana, ndinamva kaphokoso kaja m'nyumba mwathu, ka ufa wokandidwa m'beseni. Ndinati ndi makutu anga otopa ndi mahedifoni. Koma mayi Nachisale a nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pampanda.

"Kodi mwayamba geni ya mandasi osatiuza? Tikumamva mukukanda tsiku lonse."

"Mandasi ati?" anatero Fanesi, akukanda khutu.

"Kaya. Nanga mlendo wanu wa jekete uja bwanji simukumulowetsa m'nyumba? Dzulo waima pansi pa mango apo kuyambira m'mawa, padzuwa lonse lija."

Nkhuku zathu zinasiya kulowa m'khitchini. Tinenenji, amene sankachoka kumsana kwa mayi ake, anayamba kulira akamunyamula. Kenako mphete inasowa. Fanesi anaima pakhonde akuzunguza dzanja, n'kunena kuti chala chikulemera ngati mpheteyo ikadalipo. Ine ndinali nditadziwa kale, koma mtima unkakana. Anandiitana kuti ndimuone khutu chifukwa likuyabwa. Ndinaligwira. Kabowo ka ndolo kanalibe, panali posalala ngati sanabooledwepo chibadwire. Nditafinya ndinamva kanthu kolimba m'kati, kozungulira, kali ndi kamaso kake komwe.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kumuuza zonse, za munthu wa jekete, za ndolo, za zala, za milomo. Iye filimuyo anali asanaionere, ankangomva kwa anthu. Anamvetsera osandidula, koyamba chikwatiranireni.

"Ndiye mapeto ake amatani?" anafunsa.

"Sindinaonere."

"Simunaonere?"

"Magetsi anathima."

"Bambo a Tine, mwandikweza basi osafunsa kumene ikupita?"

Sanalire. Anayang'ana zala zake, n'kuzitambasula mwamphamvu. Pakati pa chala chaching'ono ndi chinzake panali kale kakhungu kopyapyala.

Ndinathamanga ngati wamisala. A Dzonzi anandibwezera disiki yawo, ndinaiphwanya ndi mwala pamaso pawo. Anangopukusa mutu.

"Mukuphwanya chiyani, a Lufeyo? Anyamata obena mafilimu anaitenga tsiku loyamba lomwelo. Ili m'foni iliyonse."

Zinali zoona. Ndinayenda malo onse obenera nyimbo ndi mafilimu, kuwagwadira anyamata oti ndikanawabala kuti afufute. Ankafufuta ine ndikuona, ndikatuluka n'kuitenganso kwa mnzawo. Kondakitala wina anandiuza monyadira kuti ku Zalewa, ku Balaka, mpaka ku Mwanza anthu akuimba za Fanesi wachete. Ndinkati ndikadutsa pagolosale ndimve liwu langa likuitana dzina la mkazi wanga, anthu n'kufa nalo phwete. Tsiku limenelo pobwerera, pansi pa mango paja panaima anthu awiri a majekete. Nditayandikira panali mthunzi wokhawokha.

Kuchipatala chachikulu anayesetsa, sindingawanamizire. Anang'amba pakati pa zala, n'kumanga mabandeji chala chilichonse pachokha. Pomasula anapeza zagwirananso, bandeji ili m'kati. Dokotala wachikulire anavula magalasi n'kundiuza kuti sanaonepo zotere, ndipo ndinamuona akupukuta manja pagauni yake ngakhale anali atavala magolovesi. Tinapita kwa mneneri, anatipempherera mpaka mawu kusasa. Tinapita kwa sing'anga wina kuseri kwa Matope. Ameneyo anatiimitsa tisanalowe pabwalo pake.

"Bwererani. Ameneyu palibe wamulodza. Akuitanidwa, ndipo akuyankha."

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Neno kudzatenga mwana. Sanandilalatire. Zikanakhala bwino akanandilalatira. Anangomanga kamtolo ka zovala za mdzukulu wawo, n'kupita osalawa ngakhale madzi a m'nyumba mwanga.

Milomo inatenga masiku asanu ndi awiri. Inayambira kumbali, monga mufilimu muja. Fanesi ankayankhula osapuma kuti isatseke, ankaimba nyimbo zonse za kwaya, ankatchula mayina a abale ake mpaka akufa omwe, mawu akunka nachepa ngati akuchokera m'botolo. Ine ndinkaika supuni pakati pa mano ake. Supuni ziwiri zinasowa, ndinasiya. Tsiku lomaliza kunali cha m'ma leveni m'mawa. Anandiyang'ana, ndinayandikiza khutu ndikuganiza kuti anditemberera kapena andikhululukira.

"Nyemba zili pamoto," anatero. "Mukaphule, zipserera."

Panangotsala kabowo kumbali, kokwana kapaipi komwera phala lamadzimadzi. Apa ndi pomwe pati wani inathera, ndipo iyenso anaima pomwepo. Maso anali nawo, makutu anali nawo, ankayenda m'nyumba, ankagwedeza mutu. Ndinasamutsa kompyuta kuchoka kuchigayo kubwera nayo pabalaza kuti ndizimuyang'anira.

M'miyezi imeneyo ndinaona chinthu. Tsiku la msika, masho akadzaza, kaphokoso kaja kankakula ndipo khungu lake linkakokeka mpaka iye kubuula m'mphuno. Magetsi akathima dera lonse, ankapuma bwino, n'kugona ngati mwana. Ndinazindikira kuti si filimu yokha imene ikumugwira. Ndi anthu, akamaonera ambiri n'kumva dzina lake likutchulidwa. Zimene gulu laona ndi kumva, thupi lake linkavomera.

Ndinalimba mtima n'kuonera theka lotsala lija, maiki ali chizimire, chitseko cha kuchipinda nditatseka. Sindikuuzani zonse, mungaleke kudya. Maso amatseka. Manja amalowa m'nthiti, miyendo imapindika n'kulowa kumene inalowa. Pabedi paja pamatsala chinthu chimene chikupuma. Samwalira, achimwene, ndicho chinandiswa mtima. Kamera imangochiyang'ana chikukwera n'kutsika. Kenako sikirini imada bii, koma filimu isanathe. Mdimawo umatenga mphindi zitatu zathunthu, popanda chithunzi, popanda malemba, ngakhale kaphokoso kaja kulibe.

Ndinakhala ndikuyang'ana mdima umenewo mpaka nzeru inandibwerera, nzeru ya womasulira. Ife timanama tsiku lililonse. Mzungu akunena za nyengo, ife timati akufunsira mbeta, anthu n'kukhulupirira. Chithunzi chokha ndicho chingakutsutse. Nanga pamdima, chingakutsutse n'chiyani? Ndikanena pamenepo kuti Fanesi wadzuka, khungu lamasuka, wayamba kuyimba, ndipo gulu n'kumva, ndiye kuti mapeto a filimu ndi amenewo. Koma kuti anthu afike pamdimapo anayenera kudutsa zonse zija, dzina lake likutchulidwa.

Ndinalowa kuchipinda n'kumugwadira. Sindinamubisire kalikonse. Ndinati tikhoza kukhala chonchi mpaka kukalamba, ine ndizikumwetsa phala, kapena tiyese. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kamalaya ka Tinenenji kamene kanatsalira pachingwe. Kenako anandiyang'ana ine, n'kugwedeza mutu kuvomera.

Ulendo woyamba ndinamasulira ndikulira. Ndinkati, "Abale anga, pirirani, musatuluke, uyu ndi mkazi wanga, khalani mpaka kumapeto." A Dzonzi anaiika masana a tsiku la msika. Sizinathe mphindi khumi, anthu anayamba kuimba malikhweru. "Lufeyo walowa ubusa! Chotsani maliro amenewo!" Mabenchi anatsala okhaokha. Obena sanaifune n'komwe. Nditafika kunyumba ndinapeza chikope chimodzi cha Fanesi chitayamba kulemera, kwinako kulibe chosintha.

A Dzonzi anandikokera pambali. "Mukudziwa nokha, a Lufeyo. Anthu sabwera kuno kudzalira, maliro ali nawo kwawo. Mukufuna akhale pansi mpaka kumapeto? Asekeni."

Ndinawatukwana tsiku limenelo, nkhalamba yosalakwa. Koma ankanena zoona.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, khoma lapakati silinkafika kudenga. Ndinaganiza zomutengera Fanesi kwa mayi Nachisale, koma iwo anali atasiya kale kutipatsa moni. Ndinamuuza kuti atseke makutu ndi pilo. Atseke ndi manja ati? Ndinakhala pakompyuta m'mawa dzuwa litangokwera, ndinamwa madzi, n'kutsegula maiki. Ndipo ndinamasulira, achimwene. Sindinamasulirepo bwino chonchija moyo wanga wonse. Maso a mayi uja akutseka, ine ndikuti, "Fanesi watseka shopu, kasitomala bwerani mawa!" Manja akulowa, ine ndikuti, "Ulesi wafika pena, wabweza manja kwa Mulungu kuti asamachape!" Ndinatenga zinsinsi za m'nyumba mwathu, mmene amalizira mkonono, chipsera cha pantchafu pake, mawu amene ankandiitana nawo tili awiri, zonse ndinaziponya mmenemo kuti anthu aseke. Chitatsala chinthu chija pabedi ndinati, "Amayi, dzungu ili mugula bwanji? Lakupsa lokha, likupuma ndi kupuma!" Ndipo ndinaseka, chifukwa womasulira akapanda kuseka anthunso saseka. Kuseri kwa khoma kunali zii.

Mdima utafika ndinasintha mawu. Ndinayankhula pang'onopang'ono, mphindi zitatu zonse. Ndinati Fanesi watsegula maso. Ndinati manja atuluka, zala khumi, chilichonse pachokha. Ndinati waimirira, wapita ku Neno kukatenga mwana wake, akuimba mumsewu monse, ndipo akhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu. Nditazimitsa maiki malaya anali atanyowa ngati ndagwa mumtsinje. Ndinasuzumira kuchipinda. Anali atagona chotembenukira kukhoma. Ndinati wagona tulo.

Pofuna kuti gulu likhale lalikulu, sindinadikire. Ndinagawa pati thuu kwa obena onse tsiku lomwelo, ndinapatsa makondakitala kuti apite nayo kutali, kenako ndinapita nayo kwa a Dzonzi. Mbiri inali itamveka kuti Lufeyo wakale wabwerera. Sho inadzaza mpaka ena kukhala pansi, ena kusuzumira m'mipata ya matabwa. Ine ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Anaseka anthu, mayo ine, anaseka! Wina anagwa pabenchi. Pa za dzungu paja denga linachita kunjenjemera. Palibe anatuluka ngakhale mmodzi. Ine ndinkawerenga mphindi, ndikuti tafika, Fanesi, pirira, tafika.

Sikirini inada. Liwu langa linayamba: "Tsopano Fanesi wa..."

Anthu anaimirira onse nthawi imodzi. Mabenchi anagwa, chitseko chinatseguka, kuwala kunalowa, aliyense akubwereza nthabwala kwa mnzake mokuwa. Mumawadziwa anthu a mu sho. Kukangoda, filimu yatha. Amene anatsala anayamba kumenya matabwa: "Ikani ina! Ikani ya karate!" Ine amene ndinakulira m'masho, amene ndinaona zimenezi kambirimbiri, sindinaziganizire. Ndinatchinga pakhomo ndi manja. Ndinakuwa kuti sinathe, khalani pansi, mphindi zitatu zokha, ndakugwirani mwendo! Anandiseka poganiza kuti ndi nthabwala ina, ena n'kundisisita paphewa kuti ndine katswiri. Anandikankhira pambali n'kutuluka. A Dzonzi anaibwezera kumbuyo, anakweza mawu mpaka sipika kulira. Mawu anga onse aja anamveka bwinobwino, ku mabenchi opanda anthu.

Ndinathamangira kwa obena. Woyamba anandilandira ndi chimwemwe.

"Bwana, yatentha! Tagawa kale anthu oposa handiredi."

"Ndi mdima wakumapeto womwe?"

"Uja? Tadula. Umangodya malo pamemore, mulibe kanthu."

Wachiwiri anadulanso. Wachitatu chimodzimodzi. Sanapangane, ndi mmene amagwirira ntchito, ndipo inenso ndinkadziwa. Pati thuu inapita ku Zalewa, ku Balaka, ku Mwanza ndi kwina konse ikuthera pa chinthu chija chikupuma pabedi, ine ndikuseka.

Kunyumba ndinafika cha m'ma folo. Kaphokoso kaja ndinakamvera pamsewu. Nkhuku za mudzi wonse zinali zitakwera m'mitengo dzuwa likadalipo, ndipo mayi Nachisale anali atatulutsa ana awo n'kukaima nawo patali, atagwira pakamwa. Ndinalowa. Ndinafika nthawi yake yoti ndione diso limodzi la Fanesi lisanatseke. Linandiyang'ana. Ndinagwira chimene chinatsala cha dzanja lake n'kukoka, ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, chinandipulumuka n'kulowa. Ndinamunong'oneza mawu a pamdima aja, ndinawakuwa, ndinawabwereza mpaka kukhosi kunatuluka magazi. Koma munthu mmodzi si gulu.

Ndayesa, musaganize kuti sindinayese. Ndinatenga mdima wokhawo n'kuyenda nawo m'masho, m'mabasi, m'matchalitchi. Ndani angakhale pansi kumvera sikirini yakuda? Ochepa amene anandimvera chisoni anamvera, koma oseka za dzungu lija ndi ochuluka, ndipo tsiku lililonse kumabadwa ena. Inu nomwe mwaiika pano lero, munaitenga kwa mnzanu, mnzanuyo kwa mnzake.

Eya, Fanesi ali moyo. Chino ndi chaka chachisanu ndi chitatu. Tinenenji amadziwa kuti mayi ake anamwalira, ndipo ndinapempha kuti zikhale choncho. Fanesi ndimamusambitsa ndi kansalu, ndimamutembenuza kuti asachite zilonda, ndimamumwetsa phala pakabowo kaja m'mawa ndi madzulo. Khutu limodzi linatsala, la kumanzere, lili bwinobwino. Mvula ikamagwa padenga amatembenukira komweko. Kwaya ikamadutsa pamsewu kupita kumaliro, kupuma kwake kumasintha, amatsatira nyimbo.

Masiku oyambirira ndinkamuyankhula. Ndinkati, "Fanesi, ndine, ndabwera." Ndikangotsegula pakamwa, thupi lonse lija linkanjenjemera n'kuyamba kudzikoka, pang'onopang'ono, kuthawira kukhoma, mpaka khutu lija litakanikizika pamatiresi. Alibe miyendo, koma amathawa. Ndinapepesa, anathawa. Ndinayesa kunong'ona, ndinayesa kusintha mawu, amandizindikirabe. Phala amalandira, madzi amalandira, dzanja langa salikana. Chimene safuna ndi liwu lija analimva kuseri kwa khoma.

Moto uwu wagwira, sufunanso ine. Wonjezerani zikuni ziwiri mbali ya kumphepoyo, musaulole kuzirala. Ine ndikapite, nthawi ya phala yakwana. Ndikafika pakhomo ndimavula nsapato, ndimatsokomolera panja, n'kulowa ngati munthu wina aliyense. Akapanda kudziwa kuti ndine, amadya bwino.